Mfumu ya Asikoti a ku Zakazaka

Anthu amati ine ndimathira mchere nkhani. Si zoona. Nkhani zimandipeza zili zothira kale, ine ndimangozinyamula. Iyi ndinaiona ndi maso anga awiriwa, nthawi imene onse ankaona bwino, ndipo wokayika apite ku Zakazaka akafunse nyumba imene inali ndi dzanja pakhoma. Ngakhale mwana wobadwa dzulo akalozerani.

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anali mesenjala ku nyumba ya malamulo kuno ku Zomba kuyambira ine ndisanabadwe. Matipate atabwera, aphungu ananyamula zikwama zawo ulendo wa ku Lilongwe, amalume n'kupuma ntchito. Anatsala ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali mawu a m'nyumba ya malamulo aja akuti "Oda! Oda!" amene ankaletsera chilichonse, ana, agalu, azakhali akazi awo, ngakhale mvula. Tsiku lina mvula inamveradi, ine ndili pomwepo. Chachiwiri chinali kabaji kachitsulo kamene anasiya agogo aamuna.

Agogowo anali khukhi wa Msikoti wina pamwamba pa phiri nthawi ya atsamunda. Mzunguyo pobwerera kwawo anawapatsa kabajiko, ndipo iwo moyo wawo wonse ankatsekera kathumba ka fodya. Kanali kozungulira ngati lamba womanga, pakati pake pali dzanja logwira mpeni, pa lambapo pali mawu a Chilatini. Palibe ankadziwa tanthauzo la mawuwo kupatula amalume, amene ankawamasulira malinga ndi tsiku. Lolemba ankatanthauza kuti ana azilemekeza akulu. Loweruka ankatanthauza kuti mwamuna asafunsidwe kumene akuchokera.

Munthu akapuma ntchito amayamba kuganiza, ndiye ngozi yake. Amalume anamva kwa abusa ena kuti ku Sikotilandi munthu aliyense ali ndi mfunda wake, mfunda uliwonse uli ndi mfumu yake, nsalu yake ya mizeremizere ndi chizindikiro chake. Anabwera kunyumba maso ali gwa.

"Mzungu sangapatse munthu wapadera chizindikiro cha mfunda," anatero. "Bambo athu anawalowetsa m'banja. Taonani dzanjali. M'nyumba ija ankagwira mpeni ndani? Bwana kapena khukhi?"

Mayi anga anawayankha: "Achimwene, makolo athu anachokera ku Mozambiki wapansi, mapazi ali ng'aling'ali."

"Oda! Mozambiki, Sikotilandi, konseko ndi kunja."

Kuyambira pamenepo tinakhala ndi mbiri. Amalume ankaifotokoza pakhonde madzulo aliwonse, ndipo inkakula ngati dzungu. Tinali anthu a m'mapiri. Tinkaba ng'ombe za anzathu, osati chifukwa cha njala koma ulemu. Angerezi anatigonjetsa kawiri, koyamba kwathu kuja, kachiwiri kwathu kuno, ndiye kuti ankatilondola dala. Amalume anaitana bambo wina wolemba zikwangwani za matiyirumu kuti ajambule chizindikirocho pakhoma loyang'ana kumsewu. Bamboyo anayamba ndi dzanja, n'kulipatsa zala zochuluka kuposa zimene Mulungu anapereka, kenako mpeni wautali ngati chikwanje. Pofika pa lamba, penti inatha. Anati abweranso, ndipo mpaka lero akubwera. Akuba anasiya kudutsa njira imeneyo. M'malo mwake kunkabwera amayi ndi ana odwala, kufunsa ngati asing'anga alipo.

Kenako inabwera siketi. Nthawi imeneyo akazi anali atangololedwa kuvala mathalauza, ndipo kaunjika anali atasefukira mumsika. Amalume anatola siketi ya mizere yofiira ndi yobiriwira, n'kunena kuti ngati ufulu wapatsa akazi thalauza, mwamuna wa mfunda wake sangamanidwe chovala cha makolo. Ankaivala Lamlungu masana ndi sokosi zofika m'maondo. Inu mukuidziwa mphepo ya Juni imene imatsika m'phiri muja. Mphepo imeneyo inaona zinthu. Ku botolo sitolo ankawaseka mpaka kutaya mowa, ana ankawatsatira, azakhali anayamba kupita kumsika podzera njira ya kuseri. Zomba yense panalibe munthu mmodzi wowakhulupirira.

Tsono mlongo wanga, wopondana nane, ankataipa ku koleji. Anapeza mnyamata wa ku Chikamveka, mphunzitsi, wofatsa moti nkhuku zinkamulanda chimanga m'manja. Anagwirizana za ukwati. Panalinso chifukwa china chofulumirira, chimene tinkachidziwa ine, mayi ndi telala wosoka diresi, ndipo chifukwacho chinkakula mwezi ndi mwezi. Mpingo wathu suseka pa nkhani zotere: zikaonekera ukwati usanachitike, palibe diresi loyera, palibe kwaya, pali kukhala kumbuyo ndi kulozedwa zala. Kwathu mwini mbumba ndi malume. Popanda mawu awo, palibe chinkhoswe, palibe ukwati.

Tsiku lodzatula mawu, a kuchimuna anatumiza malume wa mnyamatayo, mkulu wina amene anapuma ntchito ali kalaliki wamkulu m'boma, munthu woyenda ndi ambulera ngakhale mu Okotobala. Atangolowa pageti maso anga anagwera pa chovala chake. Anavala jekete yabuluu, ndipo pathumba la pamtima panali posokedwa lamba wozungulira, dzanja ndi mpeni. Jekete imeneyo ndinkaidziwa. Ndinaiyesa ineyo pa kaunjika mwezi wapitawo, manja ake anandithera m'zigongono, ndinaisiya. Inali ndi kabowo ka ndudu kumbuyo. Kabowoko kanalipo ndithu.

Amalume anaimirira pang'onopang'ono, osapereka n'komwe moni.

"Pepani bambo. Ichi mwachitenga kuti?"

Apa mumvetse. Kalaliki wamkulu wa boma sagula pa kaunjika. Akhoza kupita kumeneko m'bandakucha chipewa chili kumaso, akhoza kulimbirana malaya ndi ophunzira a ku koleji, koma sagula pa kaunjika. Zovala zake zonse zimachokera kwa m'bale wake wa ku Joni. Mkuluyo anatsokomola, nayang'ana pathumba pake ngati akupaona koyamba.

"Ichi? Ndi cha kumtundu. Anandisiyira malemu bambo anga."

Amalume anawagwira dzanja, kuwakokera kuseri kwa nyumba, kuwaonetsa khoma. Kenako amalume analira. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a agogo anangoti "Oda" misozi n'kubwerera. Anakumbatira mlendoyo akuti, "Achimwene! Munali kuti zaka zonsezi?" Tambala amene tinkasungira chinkhoswe anaphedwa nthawi yomweyo. Anadya, anamwa, amalume anafotokoza za ng'ombe zimene tinaba, mlendoyo n'kumavomera kuti bambo ake ankazitchuladi ng'ombe zimenezo, ina inali ya nyanga imodzi.

Dzuwa litapendeka amalume anafunsa, "Tsono achimwene, mwatiyendera ndi chiyani?"

"Aa, nkhani yake ndi yabwino. Mphwanga waona mbeta pakhomo pano."

Amalume anaika kapu pansi.

"Oda. Mwana wa mfunda wathu akwatire mlongo wake? Pakhomo panga? Achimwene, mwaiwala mwambo?"

Mlendoyo anatsegula pakamwa, nayang'ana mafupa a tambala, natseka.

Masabata otsatirawo tinayesa zonse. Mayi anawauza kuti kwathu mtundu umayenda kuchikazi, ndiye za agogo aamuna sizitikhudza. Amalume anati Asikoti amatsata kuchimuna. Mayi anati ngati n'choncho, mwanayu ndi wa mfunda wa bambo ake, osati wanu. Amalume anati pamenepo ndiye timatsata kuchikazi. "Ndi matipate ano, chemwali. Munthu amasankha."

Ine ndinapita ku Chikamveka kukaonana ndi akalaliki aja.

"Ankolo, jekete ija ndinaiyesapo ine pamsika."

"Mwana iwe, zovala zimafanana."

"Ndi kabowo komwe?"

"Kabowo kameneko ndi ka chipolopolo. Ukawafunse amalume ako za nkhondo imeneyo."

Munthuyo zinali zitamulowa m'mutu. Amalume anali atamupatsa udindo wa nduna ya zankhondo, ndipo awiriwo ankayenda m'mbali mwa mtsinje wa Likangala madzulo, wina siketi wina ambulera, kuyang'ana malo ochitira msonkhano wa pachaka wa mfunda wonse, kutanthauza iwo awiri. Mnyamata wa mlongo wanga anangoonda. Telala anatumiza uthenga kuti nsalu yofutukulira m'chiuno yatsala pang'ono.

Nzeru inachokera kwa mlongo wanga. Pamwamba pa phiri pankakhala Msikoti weniweni, nkhalamba imene inaphunzitsapo ku koleji n'kukana kubwerera kwawo chifukwa cha nsomba za m'timitsinje tozizira ta kumeneko. Mlongo wanga ankamutaipira mapepala kale. Anati tipite nawo amalume, akamve kwa mwini wake kuti zonsezi n'zopanda mutu. Amalume anavomera msanga, poganiza kuti akukalandiridwa.

Tinakwera Loweruka m'mawa, wapansi, podzera njira yachidule imene amatsikira ogulitsa mbatata. Amalume anali patsogolo ndi siketi yawo, kabaji pachipewa, chithunzi cha khoma m'thumba. Amayi osenza nkhuni ankapatuka n'kuyang'ana kumbali mwaulemu, akadutsa n'kumakhala pansi kuti aseke bwino. Anyani anatiperekeza mtunda wautali ali chete, ndipo wamkulu wawo anaphimba maso a mwana wake. Ndikanama ndife pano. Mlongo wanga ankapuma pafupipafupi, ndipo kwa ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anasankha zosapsa zokhazokha, zowawasa zoti munthu wabwinobwino sangaziyandikire.

Nkhalambayo inatilandira pakhonde, nkhungu ikulowa ndi kutuluka m'nyumba ngati ya pomwepo. Inkalankhula Chinyanja cha paguwa, chija chimene ngakhale ikukufunsa za shuga umamva ngati ukuweruzidwa. Inayang'ana siketi ya amalume, n'kundinong'oneza kuti kwawo zotere amavala atsikana a sukulu, koma ndisanene. Sindinanene mpaka lero.

Inatenga kabajiko, kukatembenuza, n'kuseka.

"Ndiwadziwa anthu awa. Makolo awo anaba ng'ombe za makolo anga."

Amalume anandiyang'ana, kenako mlongo wanga. Nkhope imeneyo sindidzaiiwala. Zaka zonse zija akusekedwa, lero mboni yapezeka, ndipo mboniyo ndi mwini ng'ombe.

"Pepani," anatero amalume mokoma mtima. "Inali nthawi yake."

Mzunguyo anafotokoza kuti dzanja ndi mpenizo ndi za mfumu ya mfunda, zake zake, ngati mswachi. Ena onse amavala chizindikirocho mkati mwa lamba, kusonyeza kuti ndi anthu ake a mfumuyo, omangidwa kwa iye, kaya ndi a magazi kaya ongokhala nawo. Mfumu yokha ndiyo imachionetsa popanda lamba, ndipo imatsomeka nthenga zitatu za chiwombankhanga pachipewa. Amalume anatulutsa chithunzi cha khoma lawo. Nkhalambayo inavala magalasi.

"Lamba ali kuti?"

"Palibe."

"Bambo, kwathu kuli bwalo la milandu la zimenezi zokhazokha. Munthu woika ichi pakhoma popanda lamba akunena kuti mfumu ndi iyeyo."

Mzunguyo ankachenjeza. Amalume anamva kulongedwa ufumu. Anakhala tsonga, nakonza siketi pa maondo, ndipo kuyambira pamenepo tiyi ankamwa chala chimodzi chili m'mwamba.

Mlongo wanga anaona kuti zinthu zikupita kolakwika. "Agogo, tiuzeni. Kwanu anthu a mfunda umodzi amakwatirana?"

"Kawirikawiri. M'zigwa zathu munalibe wina womukwatira."

Tinapuma. Koma amalume anagwira pakamwa.

"Pachibale? N'chifukwa chake mumafiira chonchi. Ayi, zimenezo ndi za amene anatsala kumudzi. Ife a nthambi ya Zomba ndife opemphera."

Mlongo wanga anayang'ana kunkhalango. Ine ndinayamba kuwerenga matabwa a pansi. Amalume, osaona chilichonse, anafunsa kuti ntchito ya mfumu ya mfunda kwenikweni ndi yotani, poti tsopano afunika kudziwa.

Apa nkhalambayo inasintha nkhope. Inati mafumuwo poyamba ankatsogolera nkhondo, koma nkhondo zitatha anaona kuti nkhosa zimapindulitsa kuposa anthu. Anathamangitsa anthu awo omwe, kuwatenthera madenga, m'minda mwawo n'kuikamo nkhosa. Makolo ake anachoka choncho, atasenza mabulangete. "Mukationa tili balalabalala dziko lonse, mpaka pa phiri lino, musamati timakonda kuyenda."

Mlongo wanga anatembenuka. "Ndiye munthu akathamangitsidwa, nkhosa n'kulowa m'malo mwake, amakhalabe wa mfundawo?"

"Kunena zoona, dzina limakhala..."

"Tiyi wanu akuzizira, agogo," anatero mlongo wanga, akuthira mpaka kusefukira m'sosala. Mzunguyo anamuyang'ana, anayang'ana zipatso zosapsa zili pamiyendo pake, n'kungomwa tiyi wake ngati munthu wophunzira.

Potsika, mlongo wanga anayenda pambali pa amalume.

"Amalume, mfumu imene sinathamangitsepo munthu ndi mfumu yanji? Anzanu kwawoko azikusekani."

Amalume anangopitiriza kutsika, iye n'kuwonjezera:

"A ku Chikamveka aja muwathamangitse. Abweretse nkhosa, ilowe m'malo mwawo. Mwambo ndi umenewo, mwamva nokha."

Tinayenda mpaka pokhota paja pamene tauni yonse imaonekera pansi, malata akunyezimira. Amalume anaima. Sananene "Oda." Anavula chipewa n'kumayang'ana kabaji kaja.

"Iwe, ukudziwa kuti kalaliki uja ndi yekhayo amene sanandisekepo?"

"Ndikudziwa, amalume," anatero mlongo wanga.

"Jekete yake ndi ya pa kaunjika. Inali mulu umodzi ndi siketi yangayi."

Ine ndinatsala pang'ono kugubuduzika mpaka ku Likangala. Amalume anavalanso chipewa, nayang'ana mlongo wanga kuyambira kumaso kutsika, n'kuima pamene telala ankadandaula paja. Anatola kachipatso kamodzi m'manja mwake, kukalawa, nkhope n'kukwinyika ngati chikwama chakale.

"Uwauze nkhosayo ikhale yonenepa," anatero. "Ndipo afulumire."

Mwambowo unachitika Loweruka lotsatira, ndipo Zakazaka yense anabwera, ena anakwera m'mitengo ya mango. Chiwombankhanga sichinapezeke, ndiye nkhukundembo ya aneba inapereka nthenga zitatu mosafuna. Amalume anakhala pampando wa ndalema pansi pa dzanja lija. A ku Chikamveka anafika ndi nkhosa yamphongo imene anaipeza movutikira, poti kuno ndi kwa mbuzi. Nkhani ya kutentha denga inavuta pang'ono, chifukwa akalaliki nyumba yawo inali ya malata ndipo anati aitana apolisi. Anagwirizana kuti azule udzu wodzaza dzanja pa bafa lawo, ndipo amalume anauyatsa ndi machesi pakati pa bwalo.

"Oda! Oda! Ine, mwini mfunda uno, ndaona kuti nkhosa iyi ili ndi phindu kuposa inu. Chokani, inu ndi mbumba yanu yonse. Kuyambira lero sindikudziwani."

Mawu anawathera pa "sindikudziwani." Akalaliki nawo anapukuta m'maso, navula jekete, ndipo anthu awiri anaiveka nkhosa, miyendo yakutsogolo m'manja mwa jeketemo. Inaikwana kuposa mmene inandikwanira ine. Akalaliki anatuluka pageti ndi ambulera yawo, anazungulira nyumba ya aneba, n'kubwereranso kudzagogoda.

"Odi kuno! Ndife alendo, tachokera ku Chikamveka. Mphwathu waona mbeta pakhomo pano."

"Ndinu a mfunda wanji?"

"Tilibe. Anatithamangitsa."

"Pepani kwambiri. Mafumu ena ndi oipa mtima. Lowani."

Ukwati unachitika mwezi womwewo, diresi loyera, kwaya, zonse. Telala anachita zodabwitsa ndi maluwa a nsalu kutsogoloku. Mwana anabadwa msanga ndithu, ndipo amalume anafotokozera akuluakulu a mpingo kuti ana a anthu a m'mapiri sachedwa m'njira.

Vuto linatsala ndi nkhosa. Ophika pa ukwati anabwera ndi mipeni, amalume n'kuwabweza: m'bale sadyedwa. Inakhala pakhomo paja zaka zambiri, ikudya ndiwo za m'dimba la azakhali ndi sopo wa pabafa, ndipo tonse tinkaitchula kuti achimwene. Ikadwala tinkapita kukaizonda. Ine ndinapitako ndi nthochi.

Akalaliki sanasiye kubwera. Madzulo alionse mumawapeza pakhonde, amalume uku, iwo uku, nkhosa pakati itavala jekete, akukumbutsana za ng'ombe ya nyanga imodzi ija. Munthu wina wodutsa anafunsa amalume ngati mkuluyo ndi m'bale wawo.

"Ayi," anatero amalume. "M'bale wanga ndi uyu akudya nyuzipepalayu. Awa ndi othawa kwawo. Ndikungowasunga."